Kalavani Yolemera ya Chipeso

"Musaigwiregwire choncho, alamu, mungaikonde," anatero Makiyi.

Koma anachedwa kuchenjeza. Chipeso anali atayala kale chikhatho padenga la galimoto yabuluu ija, ndipo sanachichotsepo. Inali galimoto yaing'ono, ya magetsi ozungulira ngati maso a mwana wongodzuka kumene, ndipo buluu wake anali uja wa kumwamba mvula ikangokata. Chipeso anadziona atakhala m'menemo m'mawa wina, zenera lili lotsegula, kalavani yake ikutsatira pambuyo mwaulemu, msewu uli ndi mitengo mbali zonse. Kenako chidendene chinamukumbutsa kuti wakhala akuyenda kuyambira m'mawa. Anavula nsapato imodzi n'kuponda phazi pa linzake.

Iye ndi mwamuna wake Mphezi anali atazungulira kale mipanda ingapo yogulitsiramo magalimoto akale tsikulo. Konseko ankangowauza kuti, "Iyi imakoka chilichonse, bwana, ngakhale nyumba." Makiyi yekha, bambo wamimba amene makiyi a magalimoto onse ankalendewera palamba wake n'kumalira akamayenda, ndi amene anafunsa funso.

"Kalavani yanuyo ikulemera bwanji?"

"Si yolemera ayi," anayankha Mphezi. "Ndinaipanga ndekha."

"Sindinafunse za bambo ake a kalavaniyo, achimwene. Ndafunsa makilo."

Mphezi anakanda kukhosi. Anali wowotcherera zitsulo, munthu wa mawu ochepa, maso ofiira nthawi zonse, manja odzaza timabala ta moto. Dzinalo anamupatsa ndi ana a mumsewu wawo chifukwa cha kung'anima kwa makina ake. Mkazi wake ankaluka tsitsi, ndipo dzina lake linachokera ku chipeso chofiira chimene sichinkachoka m'mutu mwake, ngakhale kutchalitchi.

Saluni ya Chipeso inali kalavani imene Mphezi anamupangira chaka chimene anakwatirana. Inali ndi matayala, koma sinayendepo. Inangoima pakona ya poloti ya munthu wina, njerwa zitaichirikiza, mpaka udzu unaizolowera. Tsopano polotiyo inali itagulitsidwa. Mwini watsopano anali atathira kale mchenga mpaka pakhomo la saluni, ndipo ananena kuti mwezi ukatha chilichonse chotsala pamenepo chikankhidwa. Malo ena anapezeka kutsidya kwa tauni, pafupi ndi depoti ya mabasi, koma eni ake analamula kuti madzulo aliwonse wamalonda azichotsapo zake. Choncho panafunika galimoto yawoyawo, yokoka m'mawa ndi madzulo. Ndalama zimene anasunga zinkakwana galimoto imodzi yokha, yakale.

Makiyi anatsegula chitseko cha galimoto yabuluu ija n'kuloza kachitsulo kolembedwa manambala pafelemu.

"Opanga analembapo apa. Iyi imaloledwa kukoka makilo 800, bola ngolo yake ikhale ndi mabuleki akeake. Ili nawo?"

"Ili nawo."

"Magetsi akumbuyo? Nambala? Laisensi yanu ikulola kukoka ngolo?"

"Zonsezo tinakonza."

"Ndiye chatsala n'chimodzi. 800 ameneyo ndi pamodzi ndi zonse za m'kati. Madilaya oumitsira tsitsi, mabeseni, madzi, ngakhale chipeso chili m'mutu mwa alamu angachi."

"Apolisi amayenda ndi sikelo m'thumba?" anafunsa Mphezi.

"M'thumba alibe, koma ali ndi maso. Akaona kagalimoto katakweza mphuno m'mwamba, matako akukhula phula, amakuperekezani okha kusikelo." Makiyi anatsamira galimotoyo, makiyi n'kulira. "Ndinagulitsapo galimoto kwa bambo wina wa zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nayenso ankati ngolo yake si yolemera. Mpaka lero ngoloyo ili kuseri kwa polisi, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake akapeza mpata amabwera kuno kudzanditukwana. Ine ndatopa kutukwanidwa, achimwene. Komanso pamtsetse, ngolo yolemera ndi imene imayendetsa galimoto. Inu chiwongolero mumangochigwira ngati chokongoletsera."

"Ina ilipo?" anafunsa Chipeso, mawu ali otsika.

Inalipo. Inaima kumapeto kwa mpanda, pafupi ndi chimbudzi. Inali pikapu yakale ya mtundu wosatchulika, pena yotuwa, pena yobiriwira, chitseko chimodzi chochokera ku galimoto ina. Mwini wake woyamba ankagulitsa nkhuku, ndipo nkhukuzo zinali zisanatsanzike bwinobwino. Chipeso atasuzumira pazenera anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pamphuno.

"Nkhope ilibe, ndikuvomera," anatero Makiyi. "Koma chitsulo chokokera ndi cha kufakitale, ndipo imaloledwa makilo 1,200. Kaiyezeni kaye kalavani yanuyo. Mukabwere ndi nambala, osati ndi mtima."

Potuluka pageti, Chipeso anatembenuka kamodzi. Dzuwa linali litagwera pagalasi la yabuluu ija. Mphezi anamuona akutembenuka.

Atafika kusaluni masana, anapeza Namwino atakhala pakhonde, yunifolomu ili m'thupi, mutu mbali imodzi woluka, mbali ina uli nyankhalala. Anali kasitomala wakalekale, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Asisi, munandithawa dzulo mutu uli theka. Odwala akundiopa kuwodi. Galimoto ili kuti?"

"Akuti tikayeze kaye kalavani."

Namwino anayang'ana kalavaniyo kuyambira pansi mpaka padenga, n'kuphulika kuseka.

"Muyeze ichi? Sikelo yake ikhale yolimba mtima."

Ankanena zoona. Poyamba kalavaniyo inali bokosi la malata chabe, lopepuka moti anthu awiri ankalikankha akucheza. Koma Mphezi anali ndi khalidwe lake. Mawu akuti pepani pakamwa pake sankatuluka. Akalakwa ankakhala duu masiku angapo, kenako m'mamawa wina Chipeso ankamva makina akulira kusaluni, ndipo pofika ankapeza chinthu chatsopano, chikadali chofunda. Tsiku limene Mphezi ananena pamaso pa abale ake kuti kuluka tsitsi si ntchito koma macheza, panabadwa mpando wozungulira, wopangidwa ndi habu ya tayala la lole, woti amuna awiri sangaunyamule. Atafika mochedwa pamaliro a apongozi ake, anthu akubwerera kumanda, panabadwa khonde la maluwa achitsulo. Ataiwala kukachingamira mkazi wake kudepoti mvula ikugwa, anaika thanki ya madzi padenga. Kabati yachitsulo, zotchingira mazenera zopindidwa ngati mitima, chitsulo chochindikala cha pansi, chikwangwani cha zilembo zachitsulo, chilichonse chinali ndi tsiku lake, ndipo Chipeso ankawakumbukira masiku onsewo.

"Ine amuna anga akalakwa amandigulira sopo," anatero Namwino. "Inu mumalandira khonde. Tsiku limene alamuwa adzapeze chibwenzi, mudzadzuka saluni ili yosanja."

"Asisi, siyani," anatero Chipeso. Analibe mphamvu zoseka.

Sikelo yapafupi inali kumapeto kwa kanjira kawo komweko, kwa mayi wina wogula zitsulo zakutha. Panalibe chokokera, choncho anaganiza zongoikankha. Mphezi anapopa matayala, anachotsa njerwa, anapinda khonde m'mwamba n'kulimanga ndi waya. Amisiri omanga a mwini poloti watsopano anasiya mafosholo n'kubwera kudzathandiza mokondwa kwambiri, moti Chipeso anawada nazo.

Kalavaniyo inakana kaye. Inalira ngati ng'ombe, inagwedezeka, kenako inazuka pamalo pake n'kusiya dothi lakuda lodzaza nyerere ndi timapini ta tsitsi. Chipeso anayang'ana malowo. Anali aang'ono bwanji! Zaka zonse zija zinakwana pa kadanga koti munthu angayalepo mphasa ziwiri.

"Kankhani, abambo inu!" Namwino ankakuwa ali kutsogolo, theka la mutu likuuluka ndi mphepo. "Inu a chipewa, mwangoikapo chala ngati mukuyeza malungo!"

Kanjirako kanali kotsetsereka pang'ono, ndipo pakati pake kalavani ija inayamba kudziyendera. Amene ankakankha anayamba kukoka. Nsapato zinakhula dothi, wina anagwa chagada, Mphezi anathamanga n'kudzakoka chogwirira cha mabuleki ndi manja awiri mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Itaima, onse anatsala akupuma mwawefuwefu. Chipeso anakumbukira mawu a Makiyi a pamtsetse aja. Ataona nkhope ya mwamuna wake anadziwa kuti nayenso wawakumbukira.

Mayi wa sikelo anali wamfupi, wovala magolovesi achikopa ndi chipewa cha mlaza. Anawalozera poimika, n'kulowa m'kachipinda kake kukawerenga nambala.

"1,450," anatero pazenera.

"Bodza," anatero Mphezi. "Sikelo yanu yafa, mayi."

"Bambo, sikelo yanga ikafuna kunama imachepetsa, siwonjezera. Funsani aliyense amene amandigulitsa zitsulo."

Amisiri aja anaseka. Namwino anatsegula pakamwa, koma ataona Chipeso anatsekanso. Panalibe chofotokozera. Yabuluu ija inali kutali ngati mwezi, ndipo ngakhale pikapu ya nkhuku ija sikanaloledwa kukoka chinthu chimenechi. Chipeso anakhala pansi pa tayala lakutha n'kuvula nsapato zonse ziwiri. Ankafuna kulira, koma ngakhale kulirako kunkafuna mphamvu.

Kuikankha chokwera kubwerera kupoloti palibe amene anakutchula. Amisiri anapukuta manja m'mathalauza n'kumapita.

"Igone muno lero," anatero mayi wa sikelo. "Koma ndikuuzeni, chitsulo chikagona muno masiku ambiri ndimayamba kuchiona ngati changa."

Chipeso anamaliza kuluka Namwino momwemo, pakati pa milu ya mafiriji akufa ndi zitseko za magalimoto. Zala zinkagwira ntchito zokha. Kunja ankamva mapazi a Mphezi akuzungulira kalavani, kuima, kugogoda chitsulo, kuyendanso. Namwino atadziyang'ana pagalasi anamugwira Chipeso paphewa.

"Mukakhazikika kudepotiko mundiuze. Mutu uwu sugwiridwa ndi munthu wina."

Atapita, Chipeso anatuluka. Dzuwa linali litapendeka, ndipo dzimbiri lonse la mumpandamo linkaoneka ngati golide. Mphezi anali ndi choko chake cha ntchito m'manja. Pakhonde panali mtanda woyera. Pathanki, mtanda. Pachikwangwani, pa mitima ya m'mazenera, pakabati, mitanda yokhayokha. Chipeso atasuzumira m'kati anaona kuti ngakhale mpando umene Namwino anakhalapo uli ndi mtanda kumsana, ndipo wina unali pansi penipeni.

"Mukulemba chiyani, bambo?"

"Zochotsa."

"Zonsezi?"

"Yabuluu ija ikufuna 800. Ndikachotsa izi, pansi n'kuikapo matabwa, mpando n'kugula wapulasitiki, ifika. Ndawerengera."

"Ndani wanena kuti tikugula yabuluu?"

Mphezi anayang'ana choko chake. "Ndinakuonani, amayi. Munaisisita ngati..." Sanamalize. Kenako anayambiranso. "Chikwatiraneni simunandipemphepo kanthu. Lero dzanja lanu lapempha."

Chipeso anatembenuka. Analowa m'kalavani n'kukhala pampando wozungulira uja. Ankaifuna galimotoyo, kunama kunalibe phindu. Ankaifuna ngati mmene munthu amafunira madzi ozizira. Moyo wake wonse zinthu zake zinali zolimba, zothandiza, zosakongola, ndipo kamodzi kokha ankafuna chinthu choti anthu akachiona atembenuke. Anatseka maso n'kuuonanso msewu wa mitengo uja. Koma ulendo uno atayang'ana kumbuyo, chimene chinkatsatira chinali bokosi la malata lopanda kanthu, longa la munthu wina aliyense.

Potuluka, phazi lake linatera pa sitepe ya pakhomo, ndipo anaona kuti nayonso ili ndi mtanda.

Sitepe imeneyo yokha ndi imene sinachokere mumkangano. Mphezi anaiwotcherera Chipeso ali woyembekezera, kuti asamakweze mwendo kwambiri polowa. Anaipanga yotakata, ya timabowo kuti isaterere, n'kuipala m'mbali monse kuti pasakhale pakuthwa. Pasanapite nthawi Chipeso anapita padera, ndipo mimba ina sinabwerenso. Za sitepeyo sanakambiranepo. Ankangoiponda m'mawa uliwonse.

"Iyi imalemera bwanji?"

"Makilo khumi ndi awiri."

"Ndiye nayonso ipite?"

"Kuti tifike 800, kilo iliyonse..." Mphezi anayang'ana sitepeyo.

Chipeso anabwerera m'kati, anatenga kathawulo konyowa kamene anapukutira Namwino m'khosi, n'kugwada. Anapukuta mtanda wa pasitepe mpaka chitsulo chinawala. Anadzuka n'kupita kumpando.

"Uwu utsale. Tsiku lija munalakwa kwambiri. Muziuona."

"Amayi, mpando wokhawo..."

"Utsale, ndatero." Anapukutanso pansi. "Matabwa ndi madzi a tsitsi sizigwirizana, angawole chaka chisanathe." Anafika pazenera n'kuima nthawi yaitali, akuyang'ana mitima yopindidwa ija. "Iyi munaipangira chiyani kodi?"

"Tsiku lobadwa lanu. Ndinaiwala."

"Eya. Kawiri." Anapukuta zenera limodzi, linalo analisiya ndi mtanda wake.

Anatuluka panja, thawulo likudontha. Anayang'ana khonde lija, maluwa ake achitsulo amene ankawapenta chaka chilichonse. Mphezi anadikira.

"Khonde lipite," anatero Chipeso. "Pamaliro a amayi munachedwa, basi. Khonde silinakufikitseni msanga. Ndinakukhululukirani kalekale, koma osati chifukwa cha ili."

Mphezi anagwetsa nkhope.

"Thanki ipite, madzi ndizitunga pampopi wa kudepoti. Kabati ipite. Chikwangwani ndilemba ndi penti." Anafinya thawulo. "Tsopano werengerani."

Mphezi anazungulira kalavaniyo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atabwerera anati, "Ifika cha m'ma 1,200, kuchepera pang'ono. Yabuluu ija singakoke zimenezo."

"Kusukulu ndinapitako, bambo."

"Inayo imanunkha nkhuku."

"Tiichapa."

"Anthu azikusekani."

"Ndatopa, bambo," anatero Chipeso, n'kukhala pasitepe paja. "Ndatopa kwambiri. Tiyeni tizipita kunyumba."

M'mawa mwake makina odulira zitsulo analira mumpandamo mpaka masana. Chipeso sanaonerere. Anakhala chofulatira akulongedza meshi ndi mabotolo m'makatoni, ndipo chitsulo chikagwa pansi mapewa ake ankadzidzimuka okha. Pomaliza anaikamo zonse, madilaya, mabeseni, matawulo, galasi, n'kuikankhiranso pasikelo.

"1,180," anatero mayi wa sikelo. Anatuluka n'kuyang'ana khonde lija lili chigonere pansi. Analigwira duwa limodzi ndi golovesi. "Ili sindiponya pamulu. Bambo, mundiwotcherere pazenera langa apa, dzuwa limandipweteka. Mwamuna wanga akalakwa amangogona."

Kwa Makiyi anafika dzuwa litapendeka. M'galimoto yabuluu ija munali mnyamata ndi mtsikana, akuseka, akutsegula ndi kutseka wailesi. Chipeso anadutsa maso ali kutsogolo.

"Nambala?" anafunsa Makiyi.

"1,180, zonse zili m'kati."

Makiyi anayang'ana Mphezi, kenako Chipeso, n'kuyamba kufufuza palamba wake. "Mwasankha bwino, alamu."

"Musandisangalatse, achimwene. Ingotipatsani kiyi."

Pikapuyo anaichapa ndi sopo wa ufa, kenako ndi mankhwala ochapira tsitsi onunkhira maluwa. Nkhuku zinachepa, koma sizinathe. Zinangokhala ngati nkhuku zopita ku ukwati.

Tsiku loyamba kukoka ananyamuka m'mamawa, kunja kukuzizira. Mphezi analumikiza kalavani, anakoleka tcheni, n'kumuuza Chipeso aime kumbuyo aone ngati magetsi onse akuyaka. Mumsewu waukulu pikapu inkayenda mosathamanga, yowongoka, ndipo pagalasi lam'mbali Chipeso ankaiona saluni yake ikubwera, yometedwa, ya zipsera zonyezimira pamene panali khonde. Mitengo mumsewumo munalibe. Munali mabasi, njinga ndi utsi.

Pamlatho wapolisi wamkazi anawaimitsa. Anaona laisensi, anazungulira kumbuyo, anagwedeza tcheni, anawerama n'kuyang'ana mmene pikapu yakhalira pamatayala ake. Kenako wapolisiyo anabwera pazenera la Chipeso.

"Mumaluka zamtundu wanji, mayi?"

"Zilizonse, bwana."

"Kuti?"

"Kudepoti, kuyambira lero."

"Pitani. Mwina ndidzakupezani."

Akanafika bwino pakanapanda mphambano ya kudepoti. Chipeso anauza Mphezi kuti akhotere kumanzere, koma iye anapitirira, ndipo anapezeka ali m'kanjira kotsekeka, kodzaza mabenchi a ogulitsa. Panafunika kubwerera chambuyo. Mphezi akakhotetsa kumanja, kalavani inkapita kumanzere. Akakonza, inkapinda khosi ngati ikufuna kuluma pikapu. Makondakitala anayamba kuimba mluzu, wina akuwomba m'manja.

"Pang'onopang'ono, bambo. Mugunda benchi. Ndinakuuzani kuti kumanzere..."

"Khalani chete!" anakuwa Mphezi, thukuta lili kamukamu. "Kuyendetsa galimoto si kuluka tsitsi!"

Chipeso anakhala chete. Anachotsa chipeso m'mutu, anachiyang'ana, n'kuchibwezeramo. Sanalankhulenso mpaka anafika pamalo pawo, pakati pa wogulitsa mafoni ndi wosoka nsapato.

Mphezi anamasula kalavani, anaitsekera matayala ndi miyala, anaiwongola. Ntchito inatha, koma iye sanachoke. Anayamba kuizungulira, manja ali kumbuyo. Anaima pamene panali khonde n'kugwira chipsera. Anayang'ana padenga. Anayeza ndi chikhatho danga la pansi pa zenera, maso atatsinzina pang'ono, ndipo dzanja lina linali litalowa kale m'thumba mmene munali choko.

Chipeso ankamuona ali pakhomo, katoni ili m'manja.

"Palibe malo, bambo," anatero. "Atsala makilo makumi awiri okha, ndipo amenewo ndi a meshi anga."

Mphezi anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu. Anayang'ana manja ake onse awiri ngati a munthu wina. Basi ina inaliza hutala, wosoka nsapato anakhosomola, mayi wina wa mwana kumbuyo anaima n'kumawerenga zilembo za penti zija. Mphezi anatsegula pakamwa, anatseka, anayang'ana pansi.

"Pepani, amayi," anatero. Mawuwo anatuluka okhakhala, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo.

Chipeso anamuyang'ana kanthawi. Maso ake anali otopa, koma pakona ya mlomo panagwedezeka pang'ono.

"Ndamva," anatero. "Tengani chigubu mukatunge madzi. Kasitomala wafika."

Mphezi anatenga chigubu n'kumapita kumpopi. Mayi uja anakonza mwana kumbuyo, anaponda pasitepe, n'kulowa.